Phesi la M'botolo

Azamba anamva fungo asanaone duwa. Anali atangotsika basi kuchokera kokasamalira mayi wongochira, chikwama chili paphewa, ndipo m'malo molowa m'nyumba anazungulira kuseri monga mwa chizolowezi chawo. Fungolo linali ngati la anyezi woiwalika pansi pa thumba.

Kuseriko kunali mizere ya akakombo a tsiku limodzi, maluwa aja amene amamasula m'mawa, pofika madzulo n'kufota osadzatsegukanso. Chipumireni ntchito kuchipatala, Azamba ankatolera mitundu yawo: achikasu, ofiira, amawangamawanga, ena ogula, ena osinthanitsa ndi anzawo a m'kalabu ya maluwa. Koma onsewo anali ochita kupeza. Wawo weniweni anali mmodzi, pakona pafupi ndi mpopi. Anali woyera ngati mkaka, m'mphepete mwake mutazungulira mzere wapepo, kukhosi kuli kobiriwira. Anamubereketsa okha. Ankatenga mungu wa duwa ili n'kupaka pa ilo, kudzala njere, kudikira zaka kuti zimasule, kuzula zonyansa zonse, n'kuyambiranso. A m'kalabu ankamutcha Mzime, chifukwa atamupeza Azamba ananena kuti basi, atseka.

Masamba a Mzime anali atagona pansi, achikasu. Patsinde panali mulu wa manyowa a nkhuku, onyowa, akutuluka nthunzi.

"Bambo," anaitana. Sanakweze mawu.

Amuna awo anatuluka atagwira sipanala. Anali makanika wopuma, munthu wokhulupirira kuti chinthu chikamayenda bwino, uchithire oyilo wina chiyende bwino koposa.

"Mwafika? Wakhanda ali bwanji? Nanga mayi wake?"

"Ali bwino onse. Ichi n'chiyani?"

"Ndimati mudzalipeze litanenepa. Mnzanga uja wa nkhuku amangotaya manyowa, ndiye ndinati..."

"Madzi?"

"M'mawa ndi madzulo. Sindinaphonyepo."

"Ndinati muzithira liti?"

"Munati dothi likauma."

"Linauma?"

Amakanika anayang'ana sipanala yawo.

Azamba anagwada osavula ndi nsapato zapaulendo zomwe. Anagwira tsamba limodzi ndipo linangosololoka lokha, kunsi kwake kuli lendelende. Anafukula ndi manja, anazula phata lonse, analitsuka pampopi, n'kuitanitsa mpeni. Anadula kufunafuna pamene panali poyera ndi polimba. Anadulanso. Paliponse pamene mpeni unalowa pankatuluka madzi abulauni. Phata linali lalikulu ngati mphika wa pabanja, mphukira zambirimbiri, koma zonse zinali zogwirana pa thupi limodzi, ndipo thupilo linali litaola mpaka mkati.

Kakombo wotereyu sabwereza nkhope kudzera m'njere. Ukafuna wofanana ndendende, umang'amba mphukira kuphata n'kuidzala kwina. Azamba ankadziwa zimenezi kuposa aliyense mumsewumo, ndipo sanang'ambepo ngakhale imodzi. Aliyense wopempha ankamuyankha chimodzimodzi: likule kaye.

Chinatsala ndi phesi limodzi, lobiriwira kumtunda, kunsonga kwake kuli duwa lomaliza losamasula. Linali litafufuma, la mawa lomwe. Azamba analidula pamwamba pa poola n'kuliika m'botolo la madzi.

"Lidzatulutsa mizu?" anafunsa Amakanika.

"Si chinangwa ichi."

"Ndiye botolo ndi la chiyani?"

"Duwali likalandira mungu mawa, limanga kathumba ka njere. Phesi lodula nthawi zina limakalera mpaka kukhwima. Nthawi zina. Sadzakhala Mzime, koma adzakhala magazi ake. Likapanda kulandira, ndiye zaka zonsezi ndinkangosewera ndi matope."

Amakanika anawala nkhope. Analoza mizere yonse. "Mungu ndi uwu wadzaza bwaloli."

Apa ndi pamene panali vuto. Mzime anali wosankha amuna. Mungu wake womwe ankaukana. Wa achikasu, wa ofiira, wa wina wodula amene anabwera ndi ndege, wonsewo Azamba anauyesapo zaka zapitazo, ndipo nthawi zonse duwa linkathothoka pamodzi ndi kathumba. Anavomera kamodzi kokha, pamene anamupaka mungu wa bambo wake yemwe, kakombo wapepo woderako. Kathumbako Azamba anakathyola okha kuti phata lisafooke ndi kulera. Ndipo wapepoyo sanali wawo. Anali wa mng'ono wawo, telala wokhala kutsidya kwa tawuni, amene kale ankawabweretsera munguwo m'kabokosi ka machesi.

Mng'ono wawoyo ndi amene anayamba kupempha mphukira. Anapempha chaka choyamba, anapempha chachiwiri. Chachitatu anaimirira pa msonkhano wa kalabu n'kunena kuti theka la Mzime ndi lake, popeza bambo ndi wa kwake. Azamba anayankha pamaso pa anthu kuti bambo wobwereka alibe mwana. Anthu anaseka kwambiri. Kuchokera tsiku limenelo awiriwa ankangopatsana moni akakumana pa zovuta za pachibale.

"Muimbireni foni," anatero Amakanika.

"Pafoni munthu amakana mosavuta."

"Nanga ngati wapepoyo sanamasule mawa?"

"Tikapeza konko."

M'mawa duwa linatseguka lonse, lalikulu ngati chikhatho, lokongola mopanda manyazi ngati kuti kunyumba kulibe maliro. Azamba sanataye nthawi kulisirira. Anayang'ana kamlomo kake katali ka pakati, pamene mungu umatera. Kanali kowongoka bwino. Anaika botolo m'ndowa, analitsekera ndi sanza m'mbali kuti lisagwedezeke, anapinga timitengo pamwamba n'kuphimba ndi nsalu yonyowa. Mungu umafuna m'mawa. Dzuwa likakwera kamlomo kamauma, ndipo duwa limayamba kale ulendo wotseka.

Amakanika anali atavala kale jekete, ataima pageti.

"Mukupita kuti?"

"Ndinyamule ndowa."

"Mwanyamula zokwanira."

Anawatsatirabe.

Basi inali yodzaza ndi anthu opita kuntchito. Mpando kunalibe. Azamba anaima ndowa atakumbatira pachifuwa, ndipo amuna awo anaima kutsogolo kwawo atatambasula manja kugwira zitsulo mbali zonse ziwiri, msana wawo ukulandira zigongono ndi zikwama za anthu.

"Muli njoka mmenemo, amayi?" anafunsa bambo wina wonenepa wa tayi.

"Muli wodwala. Sunthani mimbayo."

Basi itagunda dzenje, madzi anakhuthukira pa diresi lawo. Anasuzumira. Tsamba limodzi la duwa linali litang'ambika pa kamtengo, koma kamlomo kanalipo. Anapuma. Patsogolo pang'ono basi inaima, ndipo sinayendenso. Anthu okonza msewu anali atatseka mbali imodzi, magalimoto atandandalika mpaka kosaoneka. Mkati munayamba kutentha. Nsalu ya pandowa inayamba kuuma m'mphepete. Azamba ankaona dzuwa likukwera pa magalasi a masitolo, ndipo dalaivala anazimitsa injini n'kutulutsa foni.

"Titsike," anatero Azamba.

"Ndi bondo lanulo?"

"Bondo lidzapola. Titsike."

Anayenda. Anadutsa ogulitsa matayala, malo otsukira magalimoto, sukulu, mpanda wautali wopanda mthunzi. Bondo linayamba kulira pa chitunda choyamba. Amakanika anavula jekete n'kuligwira pamwamba pa ndowa ngati ambulera, akuyenda chammbali, akupunthwa m'miyala. Pa mpopi wa pamalo othirira mafuta Azamba ananyowetsanso nsalu. Sanamwe. Sanalankhulane njira yonse, kupatula pamene Amakanika anati, "Mayi, ine ndimaganiza kuti..." ndipo anayankhidwa kuti, "Gwirani jekete bwino."

Anamupeza mng'ono wawo pakhonde, akupalasa makina osokera, mapini ali pakamwa. Anasiya kupalasa, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zafumbi, n'kulavulira mapini m'dzanja.

"Kwagwa zovuta?"

"Ayi."

"Ndiye mwasochera. Alamu, takulandirani, khalani pansi. Mwaonda bwanji? Sakukupatsani chakudya, akupatsa maluwa?"

Azamba sanaime. Anadutsa m'mbali mwa nyumba kupita kuseri, ndowa ili pachifuwa. Njira ankaidziwa. Wapepo anali pamalo pake pakale, pansi pa chingwe choyanikira zovala, ndipo anali atamasula. Anaika ndowa pamthunzi, anawerama, n'kuona kuti timitu tonse ta mungu tinali titatsinidwa. Panangotsala timapesi tosongoka, topanda kanthu. Duwa lachiwiri chimodzimodzi. Anapaka chala mkati, chinatuluka choyera. Anagwada n'kuyamba kupapasa pansi, kutembenuza masamba, mwina kamutu kamodzi kanagwa.

"Mwataya singano, achemwali?"

Mng'ono wawo anali ataima kumbuyo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Mungu uli kuti?"

"Mungu wa ndani? Wa bambo wobwereka uja?"

"Usandichedwetse. Uli kuti?"

"Ndimathyola m'mawa njuchi zisanadzuke. Munandiphunzitsa ndinu. Ndapaka pa maluwa anga, amene ndikawapempha mphukira sayankha mwano." Analoza ndi chibwano. "M'ndowamo muli chiyani?"

Mng'ono wawo anapita yekha n'kukweza nsalu. Anayang'anitsitsa duwalo. Anali asanamuone Mzime chiyambireni mkangano. Kenako anatulutsa botolo, anaona podulidwa, ananunkhiza.

"Phata?"

"Laola."

"Lonse?"

"Lonse."

"Ndine, alamu," anatero Amakanika ali pakona ya nyumba, jekete lili m'manja. "Ndinathira manyowa a nkhuku. Ndi madzi."

"Inu munangothira manyowa, alamu. Likanakhala kuwiri, mukanapha limodzi." Anatembenukira kwa mkulu wake. "Kuno dothi ndi la mchenga, madzi sakhalitsa. Bwenzi lero mukubwera ndi khasu kudzang'amba, ine ndikukuthirirani tiyi. Ndinakupemphani kamphukira kochepa ngati chala. Munandisandutsa choseketsa. Mpaka lero mayi uja wa kubanki akandiona amafunsa kuti bambo wobwereka ali bwanji."

"Unditukwane mawa," anatero Azamba. "Ndidzabwera, ndidzakhala pa mpando uwo, unditukwane mpaka dzuwa lilowe, sindidzayankha. Lero duwa likutseka. Taona m'mphepetemo, layamba kufewa. Ndi lomaliza, kulibenso lina. Ngati watsala ngakhale fumbi la pa chikhadabo, ndipatse."

"Dzukani. Anthu aziti ndikukugwaditsani."

"Bondo lakana."

"Alamu, dzutsani katundu wanu."

Mng'ono wawo analowa m'nyumba. Anakhalitsa. Azamba anaima atatsamira amuna awo, akumva mbale zikugundana kukhitchini, osadziwa ngati akufunafuna mungu kapena akuteleka madzi. Ntchentche inatera pa duwa ndipo anaithamangitsa ngati yatera pa bala.

Mng'ono wawo anatuluka ndi kambale ka tiyi. Pakati pake panali timitu tingapo touma, tambiri titapukutika kale. Kamodzi kokha kanali ndi ufa wachikasu. Sanapereke kambaleko.

"Botolo likhala kuno."

"Iwe..."

"Likhala pawindo la kukhitchini kwanga. Mukufuna mulikwezenso basi litangolandira? Mayi wongochira mumamutumiza kumsika?"

"Sudziwa kusamala kwake."

"Inu mwasamala, taonani. Likhala kuno, kapena mungu ubwerere m'kabati."

Azamba anayang'ana duwa, anayang'ana kambale. "Likhale."

Atayandikira ndi kamutu ka mungu, anaona kuti nsonga ya kamlomo yauma. Panalibe kadontho konata kamene kamagwira mungu. Ufa unkangoyoyoka.

"Kauma," ananong'ona. "Tachedwa."

"Imani." Mng'ono wawo anapita pa kakombo wina wa pamthunzi wa mpanda, anathyola kamlomo kake konyowa, n'kubwera nako. Anakhudzitsa nsonga pa nsonga, pang'onopang'ono ngati akulowetsa ulusi pa singano. Kadontho kanasamuka. "Pakani tsopano. Kapena ndipake ine, manja anuwo akuvina."

"Chotsa mutu, ukunditchinga."

Anapaka. Nsonga inasanduka yachikasu, ndipo ufa unakhala. Anapakanso mpaka kamutu kanayera. Madzulo ake duwa linafota monga amachitira onse, pawindo la eni ake, Azamba ali m'basi ndi ndowa yopanda kanthu pamiyendo.

Patapita masiku ochepa duwa lofotalo linagwa, ndipo kumbuyo kwake kunatsala kathumba kobiriwira, kochepa ngati nsawawa. Sikanathothoke. Azamba anakayang'ana ndi magalasi, anakagwedeza pang'ono ndi chala, kanakana. Anakhala pa mpando wa kukhitchini n'kupempha madzi akumwa.

Koma kathumba kamafuna masabata ambiri kuti kakhwime, ndipo phesi lodula silidikira. Linayamba kuola kunsi. Ankasintha madzi tsiku lililonse, kuthira kashuga pang'ono, ndipo kunsi kukada ankadulako ndi lezala mpaka pobiriwira. Kudula kulikonse phesi linkafupika. Linali lalitali ngati mkono. Linafika ngati supuni. Analichotsa m'botolo n'kuliika m'kapu.

Azamba ankabwera pafupifupi m'mawa uliwonse, bondo atalimanga bandeji. Ankakangana pa chilichonse.

"Wadula kwambiri."

"Ndadula poola."

"Shuga wachuluka. Ukuphika phala?"

"Bwerani muzigona kuno, muziliimbira nyimbo."

Kwawo, pakona pa mpopi, Azamba anayesa kudzalapo kakombo wachikasu wamba kuti aone. Sanakhalitse, naye anagona. Amene anali pafupi anayambanso kuchita chikasu. Amakanika anakumba dothi lonse la pamenepo n'kukalitaya ndi wilibala, popanda wowatuma, koma matenda anali atayenda kale ndi madzi m'mizere.

Phesi linafika ngati chala. Kenako panalibenso podula. Tsiku limenelo Azamba anapeza mng'ono wawo ataima pawindo, makina osokera ali chete. Kuola kunali kutafika pakhosi pa kathumba. Kathumbako kanali kakadali kobiriwira, kutangoyamba chikasu kunsonga.

"Kakanapeza sabata ina," anatero mng'ono wawo.

"Kulibe sabata ina. Tikachedwa ziolera mkati. Bweretsa lezala ndi mbale yoyera."

Anang'amba okha, motsatira mzere. Chipinda choyamba munali njere zoyera, zofewa, zophwanyika ndi chala. Chachiwiri munali zabulauni zopyapyala ngati mankhusu. Azamba anasiya lezala n'kupukuta manja pa diresi. Anawapukutanso.

"Tsegula iwe."

Mng'ono wawo anatsegula chachitatu ndi chikhadabo. Munali zopyapyala zina, ndipo pansi pake panali imodzi yakuda, yonyezimira. Anaigubuduza pambale. Anaifinya pang'ono. Sinaphwanyike.

"Imodzi," anatero. "Simungaigawe pakati, mwapulumuka." Anakankhira mbale kwa mkulu wake. "Tengani. Ndikupatsani envelopu."

Azamba anaiyang'ana. Ikamera, ngati ingamere, idzatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti ionetse nkhope. Anaganiza za mizere yawo yachikasu, ndi fungo limene linali lisanachoke pafupi ndi mpopi. Anabweza mbale.

"Dothi langa likudwala. Udzale kuno."

"Kuno?"

"Wagontha? Iume kaye pamthunzi. Kenako m'chitini chobooka pansi, mchenga wambiri, osaikwirira kwambiri. Madzi, dothi likauma. Alamu ako akabwera kudzacheza, chitini uchibise."

"Nanga ikadzamasula yachikasu, ngati a m'mbali mwa msewu?"

Azamba anatenga chikwama chawo n'kuima pang'onopang'ono, atagwira tebulo.

"Udzazule. Ine usadzandiuze."